NYENYESWA ZA PULASITIKI NDI TINYAMA TA M'MADZI

Mvula yoyamba ikagwa mu Chipata, m'mwezi wa November, madzi amatsika ndi liwiro m'mapiri amene azinga mzindawo. Amadzera m'tinjira ta pakati pa nyumba, nalowa m'ngalande, natenga ciri conse cimene apeza pa njira. Ana a mu Nabvutika adziwa bwino katundu amene madzi otere amasenza: matumba a pulasitiki, mabotolo a zakumwa, timapepala ta masiwiti, nsapato zoduka ndi zibenthu za mabeseni osweka. M'mawa mwace mvula italeka, njira zimaoneka zoyera monga ngati munthu wapitamo ndi tsache, ndipo ena amakondwa nati, "Mvula yatisesera."

Koma zinyalala zija zapita kuti? Madzi sadya pulasitiki ai. Angomcotsa pa khomo pathu ndi kukamtula pa khomo pa ena. Eni ace a khomo limenelo ndi tinyama tating'ono ta m'madzi, timene ambiri a ife sitinationepo ndi kale lonse.

Tiyeni tiyambe talondola madziwo, pakuti akulu anati madzi saiwala khwawa. Madzi a m'ngalande amathira m'mifuleni, mifuleni imathira m'mitsinje monga Lunkhwakwa ndi Lutembwe, ndipo potsiriza onsewa amatsikira ku cigwa ca Luangwa. Luangwa amakathira mu Zambezi pa boma la Luangwa, limene kale linkachedwa Feira. Zambezi amalowa m'dziko la Mozambique, nadzaza nyanja ya Cahora Bassa, napitirira pa Tete kufikira ku nyanja yaikulu yamcere. Si zinyalala zonse zimene zimatha ulendo wonsewo. Zambiri zimakodwa m'bango ndi m'mizu ya mitengo ya m'mbali mwa mtsinje, zina zimakwiririka m'matope a m'dambo, pafupi ndi madimba amene anthu alimamo repu ndi matimati.

ENI ACE A DZIWE

Mukatunga madzi a pa dziwe m'botolo loyera ndi kuliimika poyera, poyamba mudzati mulibe kanthu. Koma dikirani matope akhazikike pansi, ndipo penyetsetsani. Mudzaona timadontho tina tiri kuyenda modumpha-dumpha, tina tiri kupindika ngati kaulusi. Timeneto ndi tamoyo. Muli mphutsi za udzudzu, ana a tombolombo amene amakhala m'madzi asanamere mapiko, mbululu ndiwo ana a cule, tinkhono, ndi tina tambiri timene tiribe ndi maina omwe m'Cinyanja cifukwa makolo athu analibe galasi lotionera.

Kamodzi mwa timeneti tikadziwe bwino, cifukwa tidzakumana nako kawiri kawiri m'phunziro lino. Anthu ophunzira amakacha Daphnia, ndipo ife tingakache nthata ya m'madzi, popeza kamayenda molumpha monga nthata. Komatu si nthata yeni yeni, ndipo sikaluma munthu. Ndi mbale wace wa nkhanu. Kakakula kamafika mamilimita 2 kapena 3, ndipo mitundu ina yaikulu imafika 5. Thupi lace n'loonekera m'kati ngati botolo. Mukakaika pansi pa maikulosikopu, ndico cipangizo cokuzira zinthu zazing'ono, mudzaona diso lace limodzi lakuda, matumbo ace obiriwira ndi cakudya, mazira ace ali m'kathumba ka pa msana monga mwana wobereka, ndiponso mtima wace uli kugunda ngati nthawi 200 kapena kuposa pa miniti imodzi. Pali zinthu zowerengeka zokondweretsa kuziona monga mtima umenewo.

Kanyamaka kali ndi zodabwitsa zinanso. Nthawi ya mtendere, cakudya ciri cambiri, tatikazi timabala tokha popanda tatimuna, ndipo ana amakhalanso akazi okha okha. Kamwana kamayamba kubala katangotha masiku ngati 8 kapena 10, ndipo kamabalanso pakapita masiku atatu kapena anai ali onse. Koma dziwe likayamba kuphwa, timaikira mazira a cikamba colimba, amene amagona m'fumbi cilimwe conse kufikira mvula ibwere.

Kadyedwe kace ndiko tiyenera kukasamala kopambana. Nthata ya m'madzi siisaka cakudya monga mphaka asaka khoswe. Iri ndi timiyendo ta ubweya timene timakupiza madzi kosaleka, usana ndi usiku, ndipo ubweyawo umasefa madzi monga sefa asefa ufa. Zotsalira pa sefayo zimapita ku kamwa. Cimene ifuna ndi ndere zazing'ono, zija zimabiriwitsa madzi okhalitsa. Koma sefa sadziwa kusankha. Kanthu kali konse kolingana kukula ndi ndere kamakodwa, nikamezedwa.

Mwina mudzati, "Nanga kanthu kocepa cotero kali ndi nchito yanji kwa ife?" Nchito yace ndi yaikulu. Timayeretsa madzi pakudya ndere. Ndiponso tokha ndi cakudya ca ana a nsomba ndi ca matemba. Matemba adyedwa ndi mlamba, ndi kakowa, ndi nanchengwa, ndi ife anthu. Kapenta amene amai amagula pa msika wa Kapata amakula ndi tinyama ta mtundu womwewu. Kwao kweni kweni kwa kapenta ndi nyanja ya Tanganyika. Anthu anamtenga kumeneko nakamthira m'nyanja ya Kariba m'zaka za 1967 ndi 1968, ndipo pambuyo pace anafika yekha ku Cahora Bassa potsata Zambezi. Usipa wa m'nyanja ya Malawi nayenso adya zomwezo. Tinyamati tikacepa, nsomba zazing'ono zimasowa cakudya, ndipo njala yace imakwera pang'ono pang'ono kufikira pa mbale ya ndiwo.

CIFUKWA NINJI PULASITIKI SAOLA?

Pulasitiki si cinthu cakale. Woyamba wopangidwa ndi mankhwala okha okha anampanga Leo Baekeland ku America m'caka ca 1907. Mtundu umene apangira matumba, wochedwa polyethylene, unapezeka ku England mu 1933. Thumba la zogwirira ziwiri, limene anzathu a ku Malawi amalicha jumbo, analiganiza ndi Sten Gustaf Thulin wa ku Sweden, ndipo linalembetsedwa kwa boma mu 1965. Mu 1950 dziko lonse la pansi linapanga pulasitiki wolemera matani 2 miliyoni; masiku ano limapanga woposa matani 400 miliyoni caka ciri conse.

Tisamnyoze kopitirira, cifukwa ali ndi ubwino wace. Cidebe ca pulasitiki cipepuka pa mutu koposa mtsuko, ndipo sicisweka cikagwa. Munthu wosauka amatha kugula pamela wa ufa ndi timafuta tocepa pa kantemba cifukwa pali kathumba koikamo. Bvuto lace liri pamodzi pokha: tikatha naye nchito, iye sakutha.

Kuola ndi nchito ya zamoyo. Agogo akafutsa ndiwo amazikulunga m'masamba a msuku napanga cikwatu. Ndiwo zikatha, masambawo amawataya ku dzala. Kumeneko ciswe, nyongolotsi, cuku ndi tizirombo tosaoneka ndi maso timawadya, ndipo mvula ikagwa kawiri masamba aja asanduka nthaka. Dengu lakale, mphasa yothaitha ndi luzi zimatsata njira yomweyo. Koma pulasitiki wa masiku onse amampanga ndi mafuta ocokera pansi pa nthaka, omwe aja apangira petulo, ndipo tizigawo tace ta m'kati n'tolumikizana monga unyolo wautali wautali umene tizirombo tija tilephera kuudula. Cifukwa cace ciswe cimadya mtengo wa mpanda ndi kusiya thumba lomangidwapo. Mu 2017 akatswiri a ku America anawerengera pulasitiki yense amene anthu anataya kufikira 2015. Anapeza kuti pa magawo 100, magawo 9 okha ndiwo anasungunulidwa ndi kupangidwanso, 12 anatenthedwa, ndipo 79 akali ku madzala kapena ali mbwee pa dziko ndi m'madzi.

KUNYENYEKA SI KUOLA

Tsono ena a inu adzatsutsa nati, "Ife tinaona thumba la feteleza litatha lokha." Zoonadi munaona. Anthu ambiri amachinga bafa kapena khola la nkhuku ndi matumba a feteleza. Pakapita miyezi thumbalo limayamba kuyera, kenaka limang'ambika lokha, ndipo mukaligwira pa zala panu pamatsala kaufa koyera. Cimene caliononga ndi dzuwa. Mphamvu ya dzuwa imadula unyolo uja apa ndi apo, pulasitiki nauma gwa, ndipo mphepo, mapazi ndi miyala ya mu mtsinje zimampera monga mphero ipera mawere. Kaufa kaja sikanasanduke nthaka. Ndi pulasitiki yemwe uja, wangocepa msinkhu.

Zidutswa zotere, zocepera mamilimita 5, ndiko kunena zolingana ndi njere ya mpunga kapena kucepera apo, m'Cingelezi amazicha microplastics. Ife tizicha nyenyeswa za pulasitiki. Zambiri n'zazing'ono koposa fumbi. Amene anabukitsa dzinali ndi Richard Thompson wa pa sukulu yaikulu ya Plymouth ku England, m'caka ca 2004. Iye ndi anzace anazipeza mu mcenga wa m'mbali mwa nyanja. Anayang'ananso zosefedwa m'madzi a m'nyanja zimene anthu anasunga kuyambira zaka za m'ma 1960, naona kuti nyenyeswazo zinali kuculuka zaka zikamapita. Ndipo ataziika m'madzi mmene munali tinyama tating'ono, tinyamato tinazimeza.

Nyenyeswa sizicokera ku matumba okha. Zobvala zambiri za pa salaula, majuzi ndi mabulangete, n'zoombedwa ndi ulusi wa pulasitiki, ndipo pozicapa timaulusi tosaoneka timathothoka ndi kupita ndi thobvu. Ku Plymouth komweko anayesa mu 2016, napeza kuti zobvala za mtundu wa majuzi zolemera makilogalamu 6, pozicapa kamodzi m'makina, zikhoza kutaya timaulusi toposa 700,000. Matayala nawonso amatha. Galimoto ziri zonse zoyenda pa mseu wa Great East ndi zopita ku malire a Mwami zimasiya fumbi lakuda la matayala, ndipo mvula imalikokolola. Mu 2020 akatswiri a ku Washington, ku America, anapeza kuti mankhwala ena ocokera m'fumbi la matayala ndiwo anali kupha nsomba zochedwa coho m'mitsinje ya m'mizinda yao mvula ikagwa.

KUKHUTA KOPANDA CAKUDYA

Tsopano kumbukirani sefa wa nthata ya m'madzi uja. Nyenyeswa zikayandama pamodzi ndi ndere, kanyamako kamameza zonse. Matumbo ace amadzala, koma m'thupi simulowa kanthu. Ganizani mwana amene ampatsa nsima yosanganiza ndi mcenga tsiku ndi tsiku. Mimba yace idzakhuta, koma iye adzaonda, sadzakula bwino, ndipo mphamvu ya kusewera idzamthera. Momwemo kanyama komeza pulasitiki wambiri kamakula mocedwa, kamabala ana owerengeka, ndipo kena kamafa msanga. Timaulusi tija tiri ndi bvuto lina: timakulunga timiyendo ndi tinyanga, kanyama nikalephera kusambira.

Coipa caciwiri ndi mankhwala. Popanga pulasitiki amathiramo mankhwala osiyana-siyana, ena omfewetsa, ena ompatsa maonekedwe ofiira kapena obiriwira, ena omteteza ku dzuwa ndi ku moto. Mankhwalawa sanamangike kolimba. Amatuluka pang'ono pang'ono m'madzi, ngakhale m'matumbo a kanyama komwe kameza. Kwa munthu kadontho kotere ndi kocepa, koma kwa kanyama kolingana ndi mutu wa singano si kocepa ai.

Nyenyeswa zikalowa m'thupi la kanyama sizikhala pamodzi. Mu 2018, pa sukulu yaikulu ya Reading ku England, Amanda Callaghan ndi anzace anadyetsa mphutsi za udzudzu timikanda ta pulasitiki tonyezimira, kuti atione bwino. Mphutsi zija zitasanduka udzudzu wouluka, wina unapezeka ukali ndi timikandato m'thupi. Taonani tsono, pulasitiki wamera mapiko! Ndipo udzudzu ndi cakudya ca mileme, ca akangaude, ca tombolombo ndi ca mbalame.

Kuno ku Africa nkhaniyi yafikanso. Ku Mwanza, m'mbali mwa nyanja ya Victoria m'dziko la Tanzania, akatswiri anagula nsomba pa msika natumbula matumbo ace. M'cikalata cimene anasindikiza mu 2016 ananena kuti nsomba imodzi mwa zisanu ziri zonse inali ndi pulasitiki m'mimba. Nsomba yaikulu timaitumbula tisanaphike, koma kapenta ndi matemba timadya ndi matumbo omwe. Musaleke kudya kapenta cifukwa ca mau awa, pakuti ndi ndiwo yomanga thupi ndi yolimbitsa mafupa. Cofunika ndi kusamala madzi amene iye akuliramo.

MATUMBA AMENE AMATI AMAOLA

Anthu ataona bvutoli anayamba kupanga pulasitiki wa mtundu wina. Pa matumba ena ndi pa timbale tina ta cakudya mudzaona mau a Cingelezi akuti biodegradable, ndiko kuti "cokhoza kuola," kapena compostable, ndiko kuti "cokhoza kusanduka manyowa." Kawiri kawiri pamakhalanso cithunzi ca tsamba lobiriwira. Munthu akawerenga mau otere mtima umakhala pansi, naganiza kuti ngakhale ataye thumbalo m'ngalande palibe kanthu. Apa mpofunika kucenjera, pakuti cikome-kome ca mkuyu m'kati muli nyerere.

Matumba amenewa sali a mtundu umodzi. Ena ndi pulasitiki wa masiku onse, koma anangothiramo mankhwala omnyenyetsa msanga. Otere amasowa m'maso mofulumira, koma angofulumira kusanduka nyenyeswa. Cifukwa cace maiko a m'bungwe la European Union anawaletsa kuyambira mu 2021. Ena amawapangadi ndi zomera. Wodziwika kwambiri ndi wochedwa PLA, amene amacokera ku cimanga kapena ku nzimbe. Mungaganize kuti cinthu cocokera ku cimanga cidzaola ngati gaga, koma si tero. PLA amaola bwino pokha pokha m'malo omangidwira nchitoyo, mmene mulu wa manyowa umasungidwa wonyowa ndi wotentha ngati madigiri 58 kwa milungu yambiri. M'madzi ozizira a mu mtsinje mulibe kutentha kotero, ndipo iye amangokhala, nanyenyeka monga anzace.

Imogen Napper ndi Richard Thompson uja anafuna kuona ndi maso ao. Anatenga matumba a mitundu isanu, ena nawakwirira m'nthaka, ena nawamiza m'nyanja, ena nawapacika pa bwalo. Anadikira zaka zitatu, nalengeza zimene anapeza mu 2019. Opacikidwa pa dzuwa onse anasanduka zidutswa isanathe miyezi 9. Thumba lolembedwa kuti lisanduka manyowa linasowa m'nyanja isanathe miyezi 3, koma m'nthaka linapezeka likalipo itapita miyezi 27, ngakhale linali long'ambika. Ndipo matumba olembedwa kuti akhoza kuola, atawafukula patapita zaka zitatu, anali amphumphu, kotero kuti anaikamo katundu wa m'sitolo nawanyamula osadooka.

Funso lotsala ndi ili: nyenyeswa za pulasitiki wocokera ku zomera zikamezedwa, kodi ziri bwino koposa zinzace? Amene anayesa ici ndi Lisa Zimmermann ndi anzace a pa sukulu yaikulu ya Goethe mu mzinda wa Frankfurt ku Germany, ndipo anasindikiza mu 2020. Kayesedwe kao n'koyenera kukamvetsa, cifukwa kationetsa mmene munthu wofuna zoona amagwirira nchito.

Anatenga mitundu itatu ya pulasitiki. Woyamba ndi PVC, mtundu umene apangira mipope ya madzi ndi majombo. Waciwiri ndi wa mtundu wa siponji ya matiresi. Wacitatu ndi PLA uja wa zomera. Yense anampera kufikira atasanduka ufa wosalala. Kenaka anaika nthata za m'madzi m'mabotolo, nazipatsa cakudya cace ca ndere, nathira ufa wa pulasitiki, botolo lina pang'ono, lina wambiri. M'mabotolo ena sanathiremo kanthu. M'mabotolo enanso anathiramo dothi loyera losalala. Cifukwa ninji dothi? Cifukwa m'mitsinje muli matope ciyambire, ndipo tinyamati timameza dothi masiku onse. Akadapanda kutero, wina akadati, "Si pulasitiki wazipweteka, ndi fumbi cabe." Anaziweta masiku 21, nawerenga ana obadwa, nayesa msinkhu, nalemba zakufa.

Anapeza kuti mitundu yonse itatu inapweteka tinyamato, koma mosiyana. PVC ndiye anacepetsa ana koposa, ndipo colakwa cacikulu cinali mankhwala a m'kati mwace. Koma amene anapha tambiri ndi PLA, yemwe uja wa tsamba lobiriwira. Ndipo kwa iye copweteka sicinali mankhwala, koma nyenyeswa zeni zenizo. Dothi lija, poyerekeza tizidutswa tace ndi ta pulasitiki mwa ciwerengero cimodzi-modzi, linapweteka pang'ono.

Tinene zoona zonse. Ufa umene anathira m'mabotolomo unali wambiri koposa umene upezeka m'mitsinje yambiri lero. Akatswiri amatero dala kuti coipa cioneke msanga m'masiku owerengeka. Cotero tisati nthata zonse za mu Lutembwe ziri kufa. Koma dziwe la m'cilimwe, limene madzi ace ali kuphwa ndipo zinyalala za mvula yonse zaunjikana momwemo, silisiyana kwambiri ndi botolo. Ndipo pulasitiki wa caka cino amapeza wa caka catha akalipo. Cimene kuyesaku kwationetsa poyera ndi cakuti mau olembedwa pa thumba sasintha kanthu m'mimba mwa kanyama kamene kalimeza.

LAMULO NDI MANJA ATHU

Maboma ena anaona kuti kucepetsa matumba kuposa kudikira kuti aole. Rwanda analetsa matumba a pulasitiki mu 2008, ndipo Kenya mu 2017. Ku Malawi boma linaletsa mapulasitiki opyapyala mu 2015, ndipo bwalo lalikulu la milandu linabvomereza ciletsoco mu 2019. Kuno ku Zambia lamulo lochedwa Statutory Instrument No. 65 la 2018 linaletsa matumba opyapyala osafika maikuloni 30, ndipo oyang'anira lamuloli ndi a bungwe la ZEMA, losamala za cilengedwe. Maikuloni imodzi ndi gawo limodzi la milimita yogawidwa pa 1,000. Tsitsi limodzi la munthu kawiri kawiri limanenepa koposa maikuloni 30. Thumba lopyapyala cotero limang'ambika tsiku lomwelo, nilitayidwa, pamene lokhuthala munthu amalisunga ndi kuligwiritsanso nchito.

Koma lamulo liribe manja otolera. Ndipo apa pali cinthu cimene mwana wa sukulu angacimvetse msanga koposa akulu ena. Thumba likali lathunthu, mwana mmodzi akhoza kulitola ndi zala ziwiri. Likanyenyeka nililowa m'matope a dambo, ngakhale anthu onse a mu Chipata atasonkhana ndi masefa sangalitolenso. Nthawi yabwino yotola tsono ndi mwezi wa October, mvula isanagwe, m'ngalande mukali mouma. Zotoledwazo zipite ku malo otayako zinyalala amene akonsolo anaika, si ku mfuleni ai.

Kutentha si mankhwala ace. Ambiri amakolezera mbaula ndi kathumba ka pulasitiki cifukwa kamayaka msanga, koma utsi wace ndi woipa m'cifuwa, makamaka kwa makanda ndi kwa amene ali pafupi ndi moto, ndipo zotsala zace zakuda zija zimapitanso ndi madzi. Neti ya udzudzu nayonso ndi ya ulusi wa pulasitiki, ndiponso inanyikidwa m'mankhwala akupha tizirombo. Pa bedi ipulumutsa moyo; koma munthu akaicapira mu mtsinje kapena akakokera nayo matemba, mankhwala aja amapha tinyama ta m'madzi, ndipo maso ace ang'ono amakokolola ndi ana a nsomba omwe.

Amai akakutumani ku msika, tengani dengu kapena thumba la nsaru. Wogulitsa akafuna kukuikirani matimati anai m'kathumba kace, ndi anyezi m'kena, ndi kapenta m'kenanso, muuzeni mwaulemu kuti, "Zikomo amai, ndiri naco coikamo."

MAFUNSO

1. Chulani mitsinje imene madzi a mu Chipata amadzeramo kufikira ku nyanja yamcere.
2. Fotokozani kadyedwe ka nthata ya m'madzi. Cifukwa ninji imameza pulasitiki?
3. Kodi kuola ndi kunyenyeka kusiyana bwanji? Perekani citsanzo ca ku nyumba kwanu.
4. Cifukwa ninji Lisa Zimmermann anathira dothi m'mabotolo ena, ndi kusiya ena opanda kanthu?
5. Mnzanu wataya thumba m'ngalande nati, "Palembedwa kuti limaola." Mudzamuyankha ciani?

NCHITO

Pemphani aphunzitsi malo m'munda wa sukulu. Kumbani maenje anai akuya kufika m'cigongono. M'loyamba ikani tsamba la msuku, m'laciwiri pepala la m'kope, m'lacitatu thumba la pulasitiki wamba, m'lacinai thumba lolembedwa kuti limaola, ngati mungalipeze. Kwirirani, zikani cikhomo pa dzenje liri lonse, ndipo lembani tsiku m'buku. Thumba lina lipacikeni pa mpanda pamene pafika dzuwa. Mukafukule pakutha pa teremu, ndi kujambula zimene mwapeza.

Tsiku lina mupite ndi aphunzitsi ku dziwe kukatunga madzi oyang'anamo tinyama. Musalowe m'madzimo, cifukwa m'madzi oima mmene muli nkhono mumakhala likodzo. Mangani citini ku nsonga ya nsungwi, tungani muli pa mtunda, thirani m'botolo loyera, ndipo mukatha kuona mukabweze madziwo ku dziwe ndi kusamba m'manja ndi sopo.